Mtembo uli ndi eni ake

Mdzukulu wanga wa ku Matawale wabwera ndi funso. Akuti galimoto inagunda wakabaza cha ku Chinamwali, iye n'kujambula mtembowo pa foni, kutumiza pa WhatsApp. Azakhali ake anamukalipira koopsa. Ndiye akuti: "Agogo, wakufa samva, saona. Ndalakwira ndani?"

Khala pansi, mwana wanga. Walakwira mayi amene anam'bereka, amene mwina anadziwira imfa ya mwana wake pa chithunzi chakocho, magazi ali mbwee pa tala. Kwathu uthenga wa maliro suyenda chonchi. Amatumidwa munthu wamkulu, kukagwada kwa mwini mbumba, n'kunena motsitsa mawu kuti zavuta. Amayi odutsa pamsewu amavula chitenje chapamwamba kufunditsa munthu amene sakumudziwa n'komwe. Osambitsa thupi amatseka chitseko. Anansi athu achisilamu amakulunga m'sanda, osalola kuti agone masiku. Adzukulu amalawira kumanda kunja kusanache. Zonsezi timachitira munthu amene sangathenso kudzifunditsa yekha.

Inu ana a sukulu mumakonda mbiri, ndiye imvani. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873, antchito ake Chuma ndi Susi anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi analiumitsa padzuwa, n'kulisenza miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo kuti likafike kwa abale ake. Linaikidwa ku London mu 1874. Panalibe wowakakamiza.

Koma nthaka yathu yomweyi yaonanso zina. Mu Januwale 1915 ku Magomero, anthu a John Chilembwe anadula mutu wa William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti, kupita nawo ku Mbombwe, ku mishoni ya Chilembwe. Chilembwe ndimamulemekeza, koma zimenezo mtima wanga suvomera. Nayenso ataphedwa mu Febuluwale, boma la atsamunda linamukwirira mobisa, moti mpaka lero tili ndi nkhope yake pa ndalama, manda ake tilibe.

Za 1983 ndinali kale bambo wa ana. Nduna Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa muno mu Zomba, n'kukaphedwa ku Mwanza, ife kuuzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Mabanja analandira mabokosi otseka, osaloledwa kuona nkhope, osaloledwa kulira monga timalirira. Tinkanong'onezana usiku, zitseko zotseka. Amene akufuna kuthyola mtima wa mtundu amayamba ndi kuulanda mitembo yake.

Ngakhale m'mabuku zili momwemo. Agiriki akale ali ndi sewero la mtsikana Antigone, amene anathira dothi pa mtembo wa mlongo wake mfumu italetsa, akudziwa kuti afera zomwezo. M'Baibulo, Yosefe wa ku Arimateya analimba mtima kukapempha thupi la Yesu kwa Pilato, nalikulunga m'nsalu yoyera.

Iwe sunaphe munthu, ndikudziwa, ndipo sunaganize zoipa. Koma unatenga thupi la mwana wa eni n'kuligawa kwa anthu amene amaliona akudya chipisi. Chithunzicho fufuta lero, uuzenso amene unawatumizira afufute. Ufunse kumene kuli siwa. Mawa tivale bwino, unditengere ndodo yanga, tikakhale nawo anamfedwa. Kachipepeso ndikupatsa ine, ukapereke ndi manja awiri.