Vernier imodzi, miyezo iwiri: wolakwa ndani?

Funso: Ndimagwira ntchito pa lathe (makina osemera chitsulo chikuzungulira) m'fakitale ina ku Blantyre, timakonza mashafuti a 30 mm a mapampu a madzi. Shafuti imaloledwa kupitirira kapena kuchepera ndi 0.02 mm basi. Ine ndikayeza ndi vernier (chida choyezera kukula chokhala ndi nsagwada ziwiri) ndimapeza 30.01, mnzanga wa shifiti ya usiku akayeza shafuti yomweyo amapeza 30.04 n'kuitaya. Vernieryo ili ndi satifiketi ya chaka chino. Abwana akuti mmodzi wa ife sadziwa ntchito. Kodi akunena zoona?

Yankho: Achimwene, abwanawo asafulumire kuloza munthu chala. Choyamba kukayikira ndi chida. Malire anu onse ndi 0.04 mm, ndipo lamulo lakale la oyeza limati chida chizitha kuwerenga gawo limodzi mwa magawo 10 a malirewo, kutanthauza 0.004 mm. Vernier wamba imawerenga 0.02 mm, ya digito 0.01 mm. Ntchitoyi ikufuna micrometer (chida choyezera chochita kupukusa) ya 25 mpaka 50 mm yowerenga 0.001 mm.

Satifiketi musaidalire mopitirira. Imangotiuza kuti tsiku lomwe chidacho chinayesedwa mu labotale, pa kutentha kwa madigiri 20, chinkawerenga bwino. Za chala chachikulu cha mnzanuyo sinenapo kanthu. Vernier ilibe choletsa mphamvu: wina amakanikiza, wina amangokhudzitsa, wina amayezera kunsonga kwa nsagwada komwe kumatha msanga. Itsekeni, muipenyetsetse moyang'ana kuwala. Mukaona kampata kunsonga, yatha imeneyo. Micrometer ili ndi kachipukuso kolira kuti "ke-ke-ke" mphamvu ikakwana, ndiye aliyense amafinya mofanana.

Musaiwalenso kutentha. Chitsulo chimafutukuka pafupifupi 0.0115 mm pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Shafuti ya 30 mm yongochoka pa lathe, yotentha ndi madigiri 30 kuposa chida, imakula ndi 0.01 mm. Limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a malire anu, lapita chabe chifukwa chosadikira kuti izizire.

Kuti mkangano uthe, chitani mayeso otchedwa Gage R&R. Tengani mashafuti 10 osiyanasiyana kukula, muwalembe manambala pobisika. Anthu atatu ayeze iliyonse katatu, mosatsata ndondomeko, wina asaone zomwe mnzake wapeza. Miyezo 90 imeneyo imasiyanitsa zinthu ziwiri. Munthu mmodzi akamapeza manambala osiyana pa shafuti imodzi, kawirikawiri vuto ndi chida kapena kagwiridwe ka shafutiyo. Aliyense akamagwirizana ndi miyezo yake yokha koma n'kumasiyana ndi anzake, vuto ndi kayezedwe, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzitsana, osati kuchotsa munthu ntchito. Buku la bungwe la AIAG la ku America, lomwe mafakitale a zipangizo za galimoto amatsatira, limati kusiyana kochokera ku kuyeza kukhale kochepera 10 peresenti ya malire ololedwa. Pakati pa 10 ndi 30 n'kongopirira malinga ndi ntchito, kupitirira 30 chidacho sichiyenera ntchitoyo. Vernier yanu, ndikuiona ikupitirira 30.

Micrometer yatsopanoyo muziitumizabe ku Malawi Bureau of Standards kuti akaiyese nthawi yake ikakwana, koma imabwera ndi kandodo ka 25 mm m'bokosi koonera ngati ikuwerenga bwino. Shifiti iliyonse isanayambe, pukutani nkhope zake zoyezera, yezani kandodoko, mulembe m'kope.