Mwana analandira katemera yense wa chibayo, nanga wadwaliranji chibayo?

Mayi wina wa ku Kapata muno mu Chipata watilembera imelo. Akuti mwana wawo wa chaka chimodzi ndi miyezi inayi anabayidwa jakisoni wa chibayo katatu konse, monga zalembedwera pa kadi yake ya kusikelo, koma mwezi wa June anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Afunsa kuti: "Kodi katemerayu amagwiradi ntchito, kapena tinangomuliza mwana pachabe?"

Amayi, pepani ndi matendawa. Simunamulize pachabe.

Chibayo ndi dzina la kudwala kwa mapapo, ndipo tizilombo toyambitsa kudwalaku n'tambiri. Kamene katemerayu amalimbana nako ndi bakiteriya wotchedwa pneumococcus. Bakiteriyayu amakhala kumphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri osawadwalitsa, koma akalowa m'mapapo, m'magazi kapena ku ubongo amabweretsa chibayo choopsa ndi matenda oumitsa khosi. Amatulutsanso mafinya m'khutu. Vuto lake n'lakuti ali m'mitundu yoposa 90, uliwonse ndi chikopa chakechake, ndipo thupi limaphunzira kuzindikira chikopa chimodzichimodzi. Katemera amene Zambia inayamba naye mu 2013, PCV10, anali ndi mitundu 10 yokha. Sanaisankhe mwachisawawa: anatenga imene inkapha ana kwambiri, kuphatikizapo mtundu 1 ndi 5 imene imavuta mu Africa muno.

Umboni woti amateteza unalipo kale asanafike kuno. Kafukufuku wamkulu wa ku Gambia amene anatuluka mu 2005 anasonyeza kuti mwa ana obayidwa, chibayo chooneka pa X-ray chinachepa ndi 37 pa 100 alionse, ndipo imfa za ana pa zifukwa zonse zinachepa ndi 16 pa 100. Ku South Africa, kumene anayamba kubaya mu 2009, matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi a mitundu ya m'katemerayo anatsika kwambiri, ngakhale mwa ana amene ali ndi HIV. Akuluakulu ndi makanda amene anali asanabayidwe anapindula nawo, chifukwa mwana wobayidwa sasunga kwambiri tizilomboto kumphuno kuti apatsire anzake pakhomo. Chinanso chimene anthu sachitchula kawirikawiri: mitundu ingapo ya m'katemera ndiyo inali yosamva mankhwala ngati penisilini, ndiye itachepa, matenda ovuta kuchiza anachepanso.

Koma mphuno ya mwana sikhala yopanda kanthu. Mukazula udzu wina m'munda, pamalopo pamamera wina. Mitundu imene mulibe m'katemera imatenga malo a imene yachotsedwa. Ku America, atayamba ndi katemera wa mitundu 7 m'chaka cha 2000, mtundu 19A unachuluka mpaka anauwonjezera m'katemera watsopano wa PCV13. Mitundu yolowa m'maloyi imadwalitsa, koma mwa ana aang'ono sinabwezeretse matenda pamene anali kale. Kwa anzathu a ku Malawi, amene anayamba PCV13 mu November 2011, ofufuza a ku Blantyre anapeza kuti ana ambiri ankasungabe kumphuno mitundu ya m'katemera patapita zaka. N'chifukwa chake akatswiri akhala akuunika ngati jakisoni wachitatu angathandize kwambiri atabayidwa pa miyezi 9, monga amachitira ku South Africa. Zimenezo ndi za Unduna wa Zaumoyo kugamula. Inu tsatirani zimene zili pa kadi.

Ndiye mwana wanu chinamudwalitsa n'chiyani? Mwina mtundu wina wa pneumococcus, mwinanso vairasi. Kafukufuku wa PERCH, wochitika m'maiko 7 kuphatikizapo ku Lusaka, anapeza kuti mwa ana opanda HIV ogonekedwa ndi chibayo chachikulu, mavairasi ndiwo anali ambiri, ndipo vairasi yotchedwa RSV yokha inadwalitsa pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu. Kusintha kwakukulu kuli pamenepa. Chibayo chilipobe, koma gawo lake la bakiteriya wakupha lija lachepa. Ndipo June ndi July kuno n'kozizira, anthu amatseka zitseko mbaula ili m'nyumba, utsi umapweteka mapapo a mwana n'kutsegulira njira tizilombo.

Pa kabayidwe, zolakwika zambiri zimachitika pa masiku. Jakisoniyu amabayidwa pantchafu pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo pakati pa jakisoni ndi mnzake payenera kudutsa masabata osachepera 4. Ambiri amalandira woyamba, wachitatu n'kumuphonya chifukwa cha maliro, ntchito ya kumunda kapena ulendo. Mukachedwa sayambanso poyamba, amapitiriza pamene munalekera. Amene mumawoloka pa Mwami kukacheza kwa abale ku Mchinji, kadi muzinyamula. Chimfine chaching'ono sichiletsa kubaya. Kutentha thupi pang'ono ndi kutupa pobayidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri si vuto.

Chimene tikufuna mayi aliyense adziwe ndi kuwerenga mpweya. Mwana akakhosomola, dikirani atonthole, vundukulani pachifuwa, yang'anani wotchi ya pafoni, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, wafooka moti sakudzuka bwino, kapena khosi lauma, musadikire kuti kuche, ngakhale kadi yake ili yodzaza.

Akakupatsani mankhwala a amoxicillin, mwana amwe masiku onse amene anamwino anena, ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachiwiri. Makapisozi ogula pakantemba kapena otsala a mkulu wake musamupatse, chifukwa mlingo wake umatengera msinkhu ndi kulemera kwa mwana. Ndipo popeza wanuyu wagonekedwapo kale, pobwerera kuchipatala funsani ngati kulemera kwake kuli bwino, komanso ngati anamuyeza HIV ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell. Ana operewera zakudya ndi amene ali ndi matenda awiriwa ndiwo chibayo chimawabwerera kawirikawiri.