Kompyuta yanu yasanduka ndondocha, ndipo ndende yokha singathetse spam

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu yotayipa ndi kupulinta makalata ku Zomba. Analemba atakwiya ndithu: "Achimwene, makasitomala anga akulandira maimelo ochokera pa adiresi ya shopu yanga, otsatsa mankhwala a mphamvu za abambo. Ndachita manyazi. Mnyamata wokonza makompyuta akuti kompyuta yanga ina yalowa mu botnet. Chimenechi n'chiyani? Nanga anthu ochita izi bwanji osangowatsekera kundende moyo wawo wonse?"

Pepani mayi. Tiyambe ndi botnet.

Mukudziwa nkhani za ndondocha, zoti munthu amamukhwimira n'kumakamugwiritsa ntchito kumunda kapena kuchigayo usiku, abale ake osadziwa kanthu. Botnet ndi zomwezo, koma za makompyuta. Kapulogalamu koipa kamalowa kudzera pa fayilo yomwe munatsegula mu imelo, pa flash ya kasitomala, kapena pa pulogalamu yakuba yomwe munakopera kwaulere. Kompyuta imapitiriza kutayipa ndi kupulinta bwinobwino, koma mwakachetechete imamvera malamulo a munthu amene mwina ali kutsidya kwa nyanja. Akaisonkhanitsa pamodzi ndi zinzake masauzande, amaziuza zonse kuti zitumize maimelo. Magetsi ndi anu, bandulo ndi yanu, dzina loipa ndi lanu, phindu ndi lake.

Komabe mufufuze kaye. Adiresi ya wotumiza imelo imanamizika mosavuta, monga momwe munthu angalembere dzina lanu kuseri kwa envulopu. Mwinanso anangokuberani pasiwedi. Isintheni lero pa foni kapena kompyuta ina, muyatse kuti polowa azikutumizirani nambala pa foni, ndipo kompyuta yokayikitsayo mnyamatayo aifufute yonse n'kuikamo Windows mwatsopano.

Tsono za chilango. Inenso ndikapeza maimelo 40 achabechabe, aja amawatcha spam, m'mamawa ndimalakalaka chikoti. Koma ndende anthu anayesa kale. Ku America anakhazikitsa lamulo lolimbana ndi spam la CAN-SPAM mu 2003. Jeremy Jaynes, amene ankatumiza maimelo mamiliyoni, khoti la ku Virginia linamugamula zaka 9, koma mu 2008 khoti lalikulu la kumeneko linathetsa chigamulocho ponena kuti lamulo la Virginia lomwe anamuzengera linkaphwanya ufulu wa kulankhula. Robert Soloway wa ku Seattle anapatsidwa miyezi 47 chaka chomwecho. Sanford Wallace analamulidwa mu 2009 kuti alipire Facebook madola 711 miliyoni, ndalama zongowerenga papepala, ndipo mu 2016 anamugamula miyezi 30. Spam sinathe. Ndipo amenewa anagwidwa chifukwa ankakhala ku America komweko. Peter Levashov wa ku Russia, mwini botnet ya Kelihos, anayenda mfulu kwa zaka zambiri mpaka pomwe anapita kokacheza ku Barcelona mu 2017, apolisi n'kumumbwandira. Akanakhala phee kwawo, bwenzi nkhani ili ina.

Vuto lagona pa masamu. Mu 2008 akatswiri a mayunivesite a ku Berkeley ndi San Diego analowerera mu botnet ya Storm kuti aone mmene malonda amayendera. Pa maimelo pafupifupi 350 miliyoni otsatsa mankhwala, anthu 28 okha ndi amene anafika poti agule. Wogulitsa tomato pamsika wa Zomba akanatseka benchi tsiku lomwelo. Koma wa spam sataya kanthu potumiza, pakuti ndondocha salipidwa. Mukamanga mmodzi, wina amatola ntchitoyo mawa lake chifukwa phindu lidakalipo.

Zomwe zinaonetsa kusintha kwenikweni zinali zina. Mu November 2008 kampani ya McColo ku San Jose, California, yomwe inkasunga makompyuta olamulira ma botnet akuluakulu, inadulidwa pa intaneti mtolankhani Brian Krebs ataiyalutsa. Spam padziko lonse inatsika kupitirira theka nthawi yomweyo, ngakhale inabwereranso patatha miyezi yochepa. Mu March 2011 Microsoft inatenga chilolezo cha khoti n'kulanda makompyuta olamulira Rustock, botnet ya makompyuta pafupifupi miliyoni imodzi, kenako inalonjeza madola 250,000 kwa amene angaulule eni ake. Chaka chomwecho ofufuza ena anagula dala katundu wotsatsidwa pa spam kuti aone kumene ndalama zikupita, ndipo anapeza kuti malonda 95 pa 100 aliwonse ankadutsa m'mabanki atatu okha. Atatu! Kusintha adiresi ya webusaiti n'kwa mphindi zochepa, koma kupeza banki ina yolola ndalama zonunkha chonchi n'kovuta.

Ndiye maganizo anga ndi awa, mayi. Wamalonda amene wangokutumizirani imelo yotsatsa osakupemphani alipitsidwe chindapusa chowawa, basi, ameneyo ndi wosowetsa mtendere chabe. Koma wolowa m'kompyuta ya mnzake n'kuisandutsa kapolo ndi wothyola nyumba, ndipo zaka zingapo kundende n'zomuyenera. Moyo wonse ayi, tisamulange kuposa wakupha munthu. Chimene ndingaumirire n'chakuti amulande chilichonse chimene anapeza, ndipo banki kapena kampani yosunga mawebusaiti imene inkadziwa koma n'kumatsinzina ilangidwe naye limodzi. Fisi sangadye mbuzi usiku uliwonse popanda womutsegulira khola.

Kwathu kuno lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mukhoza kukadandaula ku polisi kapena ku MACRA. Koma kunena zoona, amene anagwira kompyuta yanu sali ku Chinamwali kapena ku Matawale, moti musayembekeze kumuona m'khoti la Zomba. Makasitomala anu atumizireni uthenga waufupi pa WhatsApp, muwauze kuti maimelo aja si anu ndipo asatsegule linki iliyonse. Ndipo flash iliyonse ya kasitomala muziyamba mwaipima musanaitsegule, ngakhale akhale abusa amene.