Kodi mitengo ya m'mbali mwa msewu ingatsitsedi bilu ya magetsi?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti komiti ya m'dera lawo ikufuna kubwezeretsa mitengo imene inadulidwa pokuza msewu, ndipo apampando akulonjeza kuti bilu ya magetsi itsika, matenda achepa. Funso lawo ndi ili: "Kodi sakungotinyengerera kuti tisonkhe? Mtengo umatenga zaka kuti ukule, kenako mizu n'kumaswa mapaipi."

Mayi, apampando sakunama, kungoti sanakuuzeni zonse.

Tsiku lotentha, cha m'ma 3 koloko masana, kagwireni khoma la nyumba yanu loyang'ana kumadzulo. Mukachotsa dzanja msangamsanga. Njerwa, simenti ndi phula zimamwa dzuwa tsiku lonse, usiku n'kumalavula kutenthako pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mumangotembenukatembenuka pakama, fani ili kulira mpaka mbandakucha. Mtengo umatchinga dzuwalo lisanafike pakhoma. Komanso masamba ake amatulutsa madzi amene mizu yakoka pansi, ndipo madziwo akamauma amachotsa kutentha mumpweya, monga limachitira thukuta pathupi.

Koma mtengo uime pati? Apa m'pamene pagona nkhani. Ku Sacramento, m'dziko la America, kampani yogulitsa magetsi inayamba mu 1990 kugawira makasitomala ake mitengo yaulere, poona kuti mthunzi umachepetsa magetsi amene makina oziziritsa m'nyumba amadya. Tangoganizani, wogulitsa magetsi kumagawa mitengo! Phindu lalikulu limachokera ku mtengo wotchinga khoma ndi mawindo a kumadzulo. Woima kutali ndi nyumba ukongoletsa msewu ndithu, koma bilu yanu siumva kanthu. Ndipo ngati kwanu mulibe makina oterowo, musayembekezere kupulumutsa ndalama zambiri. Chimene mupindule ndi tulo.

Za thanzi ndiye ndili nazo mtima kwambiri. Kutentha kumapha mwakachetechete, makamaka okalamba, makanda ndi odwala mtima. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2023 anaunika mizinda 93 ya ku Ulaya. Anapeza kuti m'nyengo yotentha ya 2015 anthu pafupifupi 6,700 anafa chifukwa chakuti m'mizinda mumatentha kuposa madera ozungulira, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a imfazi likanapeweka mitengo ikanaphimba 30 peresenti ya mzinda uliwonse. Palinso zimene wofufuza wina wa ku America, Roger Ulrich, anafalitsa mu 1984. Pa chipatala china ku Pennsylvania, odwala ochitidwa opaleshoni ya ndulu amene zenera lawo linkaonetsa mitengo ankatuluka msangako ndipo ankalandira mankhwala amphamvu oletsa ululu ochepa, poyerekeza ndi anzawo oyang'anana ndi khoma la njerwa. Anali anthu owerengeka chabe, 46, koma ine nkhaniyi siindichoka m'mutu.

Zakuti mitengo imasefa utsi wa magalimoto, musazikokomeze. Imathandizako pang'ono. Mumsewu wopanikiza wa nyumba zitalizitali, nthambi zothithikana zimathanso kutsekereza utsiwo pansi pomwe anthu akupuma.

Nkhawa yanu ya mizu ndi yomveka. Mizu imalondola chinyezi, choncho paipi yodontha kale ndiyo imailowerera. Dziwani kumene kwadutsa mapaipi musanakumbe dzenje, yang'ananinso m'mwamba ngati muli mawaya. Musadzalenso mtundu umodzi msewu wonse. Ku America kachirombo kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba mu 2002 ku Michigan, kanaumitsa mitengo ya mtundu wotchedwa ash mamiliyoni ambirimbiri, misewu ina n'kutsala mbee.

Chimene chimandiwawa ine ndi tsiku lodzala. Kumakhala zipewa, zithunzi, zolankhula za akuluakulu. Pakatha miyezi 6 mupeza timitengo touma titamangiriridwabe ku zikhomo, dothi lili gwaa, palibe amene anathirirapo ndi kamodzi komwe. Mbande imafuna madzi mokhazikika kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, meya Yvonne Aki-Sawyerr atayambitsa ntchito yodzala mitengo 1 miliyoni mu 2020, anthu ankalipidwa posamalira mitengoyo ndi kuijambula pa foni kusonyeza kuti ikadali moyo. Ndalama zinkatsatira mtengo wamoyo.

Tsono pa msonkhano wotsatira, musanatulutse ndalama, afunseni apampando kuti wothirira mtengo uliwonse ndani, dzina lake, komanso madzi azichokera kuti m'miyezi yopanda mvula. Afunseninso za mitengo ikuluikulu imene inapulumuka pokuza msewu paja. Umodzi wa iyo ukupereka lero mthunzi umene mbande zanu zidzaufikire ana anu atakula kale, ndiye mu bajetimo muoneke kandalama kousadzira bwino ndi kogumulira simenti imene anaithira mpaka pa tsinde.