Tummy tuck ya kunja: $3,500 ija ndi khomo chabe

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Ana atatu, awiri anabadwa pa opaleshoni, ndipo mimba inakana kubwerera m'malo. Waona pa Instagram chipatala cha ku Istanbul chikutsatsa tummy tuck, opaleshoni yophwetsa mimba, pa $3,500, ati zonse zili momwemo. Akufunsa ngati ulendo watheka akasonkha ndalama imeneyo ku banki nkhonde.

Sunatheke, mayi. Tiyambe ndi madolawo. Pa mtengo wa kubanki, dola ili cha m'ma K1,750, ndiye $3,500 ndi K6,125,000. Koma kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense mu Blantyre muno akudziwa kuti mtengo wolembedwa pakhoma la banki ndi wina, kupeza dola yeniyeniyo ndi nkhani ina. Banki ifuna kalata ya chipatala ndi invoice, ndipo mutha kudikira. Kwa mavenda mtengo umatha kuwirikiza kawiri, komanso ndi mlandu.

Musanaganize za ndege, dziwani chomwe mukugula. Dokotala amacheka kuchokera pa fupa la chiuno mbali ino mpaka mbali inayo, amasenda khungu mpaka pansi pa nthiti, amasoka minofu iwiri ya pamimba yomwe inatalikirana muli oyembekezera, amadula khungu lotsala, kenako amaboola malo atsopano otulutsira mchombo. Ndi ntchito ya maola awiri mpaka anayi, mutagonetsedwa tulo. Chipsera chake nchosatha, chimangobisika ndi kabudula wamkati. Si njira yochepetsera thupi, ndipo madokotala ambiri safuna kugwira munthu yemwe BMI yake, muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika, yapitirira 30. Ngati mukufunabe mwana wina, dikirani, chifukwa pakati pena pamaphwasula zosokedwazo.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa zimandikwiyitsa. Si mimba yonse yaikulu yomwe ili ya mafuta ndi khungu. Zotupa za m'chiberekero, ma fibroid aja, nzofala kwambiri mwa amayi akuda ndipo zimatukumula mimba ngati ya miyezi isanu. Chotupa cha pamchombo, hernia ija, nachonso. Zonsezi zimaoneka ndi sikani konkuno, ndipo zimathandizidwa konkuno. Munthu amene akukupatsani mtengo pa WhatsApp atangoona zithunzi zitatu sanagwire mimba yanu. Ameneyo ndi wamalonda, ngakhale atavala koti yoyera pa chithunzi.

Tsono ndalama zambiri zimathera pa masiku. Mukadzuka mumapeza timachubu tiwiri totulutsa madzi ndi magazi m'bala, tomwe timakhala sabata imodzi, mwina ziwiri. Mumayenda chowerama ngati agogo, kugona nkopinda miyendo pa mapilo, kudzuka pabedi nokha simungathe. Ndiye pafunika gadiyani, ndipo gadiyani ndi tikiti yachiwiri, chakudya chachiwiri, visa yachiwiri ngati dzikolo likufuna. Ku India kuli medical visa ya wodwala ndi ina ya womudikirira. Phukusi lotsatsidwa likakhala ndi hotela ya masiku asanu kapena asanu ndi awiri, otsalawo ndi a m'thumba mwanu.

Ndipo musalole kufupikitsa. Opaleshoni imeneyi ili m'gulu la zokongoletsa thupi zomwe zimaundanitsa magazi kwambiri m'mitsempha ya m'miyendo. Kusokedwa kwa minofu kumapanikiza m'mimba, magazi amabwerera mochedwa, inu simukuyenda. Onjezani maola ambiri mutakhala pampando, kuchoka ku Istanbul, kudikira ku Addis Ababa, kudzatera pa Chileka. Chibulumwa cha magazi chikachoka m'katumba nkukatseka m'mapapo, munthu amatha kufa msanga. Nchifukwa chake ndimaumirira masabata awiri osachepera musanakwere ndege, masokosi ofinya miyendo, ndi jakisoni woletsa magazi kuundana ngati dokotala walemba. Mapiritsi olera okhala ndi oestrogen amasiyidwa masabata anayi opaleshoni isanachitike, fodya masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa nicotine imafinya timitsempha ndipo khungu la m'mbali mwa bala limafa nkuda bii.

Kwa ine Johannesburg imaposa kutali konseko ngakhale mtengo wa dokotala utakwererapo. Ndege kuchokera pa Chileka ndi maola awiri okha, pasipoti ya Malawi imalowa masiku 30 popanda visa, ndipo dzina la dokotala mutha kulifufuza nokha pa kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, nkuona ngati analembetsadi ngati plastic surgeon, katswiri wa maopaleshoni otere. Koma basi ya pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge pobwerera iiwaleni. Tsiku lonse ndi usiku mutapinda bala lamasiku khumi, ayi.

Zikavuta mutabwerera

Chofala kwambiri ndi seroma, madzi odzikundika pansi pa khungu. Mukagwira pamimba pamamveka ngati jumbo ya madzi, ndipo amafunika kukokedwa ndi singano, mwina kangapo. Bala limakonda kutseguka pakati penipeni, pamwamba pa chinena, pomwe khungu lakokeka kwambiri. Dokotala wanu ali kutsidya kwa nyanja, akuyankha ndi ma emoji. Amene akulandireni ndi wa chipatala cholipira konkuno kapena ku Gulupu. Ma medical aid nthawi zambiri salipira zokongoletsa thupi ngakhale mavuto obwera nazo, ndipo inshuwalansi wamba ya paulendo siikhudza opaleshoni yomwe munachita kuikonzekera. Kupuma movutika, kupweteka pachifuwa, katumba wa mwendo umodzi kutupa, kapena thupi kutentha, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.

Ndiye werengani motere, mayi. Pa mtengo wa chipatala onjezani matikiti awiri osinthika tsiku, malo ogona ndi chakudya cha anthu awiri masabata awiri kapena atatu, zoyeza magazi, shuga ndi BP, malamba awiri ofinya mimba popeza mudzavala masabata asanu ndi limodzi ndipo wina amakhala akuchapidwa, ndi wokuthandizani kunyumba chifukwa nthawi yonseyo simudzanyamula mwana kapena ndowa. Pamwamba pake sungani ndalama ina yosakhudza, yokwanira kugona m'chipatala masiku angapo. Chipatala cha ku Istanbul chija chikulembereni papepala ngati dokotala wogonetsa, usiku woonjezera ndi kubwerera ku theatre zili mu $3,500 ija, musanatumize dipoziti.