Ndani atenge chikho cha NBA? Yankho kwa wowerenga

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti ma playoffs (ndime yachipulula) a NBA, ligi ya basketball ya ku America, akamayandikira, iye amangosankha timu yomwe yathera pamwamba pa ligi, koma anzake amamutsutsa kuti malo a pa ligi alibe ntchito, poti mu 2016 Golden State Warriors idapambana masewero 73 mwa 82 koma chikho osachinyamula. Funso lake ndi lakuti: "Ndiziyang'ana chiyani kuti ndizilosera molondola?"

Achimwene, musasiye njira yanuyo, ingoiwonjezerani zina. Mu mpira wamiyendo, pa ndime yachipulula timu yaing'ono ikhoza kuchinya chigoli chimodzi, n'kutseka kumbuyo mpaka wezulo yomaliza. Mu NBA zimenezo sizitheka. Matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo yoyamba kupambana kanayi ndiyo imapitirira. Pa sewero limodzi timu iliyonse imagwira mpira pafupifupi maulendo 100. Mwayi ungakuthandizeni usiku umodzi, koma kuti ukuthandizeni kanayi ndi zovuta. N'chifukwa chake chikho chimapita pafupifupi nthawi zonse kwa timu yomwe yathera pa nambala 1, 2 kapena 3 m'chigawo chake. Yotsikitsitsa yomwe idachitengapo ndi Houston Rockets mu 1995, ili pa nambala 6, komatu iyo inali ndi Hakeem Olajuwon ndipo inkateteza chikho chomwe idatenga chaka chapitacho. New York Knicks mu 1999 ndi Miami Heat mu 2023 zidafika mu fainolo zili pa nambala 8, zonse zidagonja.

Kuposa kuwerenga masewero opambana, onani kusiyana kwa mapointi. Oklahoma City Thunder mu sizoni ya 2024-25 inkaposa adani ake ndi mapointi pafupifupi 13 pa sewero, zomwe zinali zisanachitikepo mu ligiyi, ndipo chikho idatengadi.

Tsono chomwe chimagwetsa olosera ambiri, ndipo ine ndimachiika patsogolo pa zonse, ndi kuvulala. M'bwalo timu imakhala ndi anthu asanu okha, ndipo mu ma playoffs kochi amadalira osewera asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, akatswiri n'kumasewera mphindi 40 mwa 48. Mmodzi akagwa, timu yonse yasintha. Tengani 2016 yomwe anzanu akutchulayo. Mu fainolo ndi Cleveland Cavaliers, Warriors inali patsogolo 3-1. Sewero lachisanu Draymond Green adaletsedwa kusewera, ndipo usiku womwewo Andrew Bogut adavulala bondo osabwereranso. Stephen Curry naye anali atavulala bondo koyambirira kwa ma playoffs. Sindikuchepetsa zomwe LeBron James ndi Kyrie Irving adachitira Cleveland, zinali zazikulu, koma Warriors yomwe adaigonjetsa sinali yonse ija ya masewero 73.

Mu 2019 timu yomweyo idataya Kevin Durant pa sewero lachisanu la fainolo, mtsempha wa kuchidendene utaduka, ndipo pa lachisanu ndi chimodzi Klay Thompson adavulala bondo. Chikho chidapita ku Toronto. Mu 2023 Giannis Antetokounmpo adagwera msana pa sewero loyamba lenileni, Milwaukee yomwe idatsogola ligi yonse n'kutulutsidwa ndi Miami. Mu 2025 Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers adayamba bwino sewero lachisanu ndi chiwiri la fainolo, mtsempha n'kuduka chigawo choyamba chisanathe. Kumuona mnyamata uja akumenya pansi ndi dzanja kunali komvetsa chisoni. Ndiye musathamangire kulosera mu Malichi. Dikirani ligi ithe, muone yemwe akutsimphina, yemwe wangochira kumene, ndi timu yomwe ilibe womulowa m'malo katswiri wake.

China ndi kagwirizanidwe ka maseweredwe. Pali matimu omwe amangosowetsa mtendere anzawo ena ake. Mu 2007 Dallas Mavericks idapambana masewero 67, Dirk Nowitzki ali wosewera wopambana onse m'ligi, koma idatulutsidwa 4-2 ndi Warriors ya nambala 8. Kochi wa Warriors, Don Nelson, anali atachoka ku Dallas komweko ndipo Nowitzki ankamudziwa bwino: adamuikira anyamata aafupi koma aliwiro ndi amphamvu, omupanikiza asanatembenuke. Chizindikiro chinalipo kale, chifukwa mu ligi chaka chimenecho Warriors idagonjetsa Dallas maulendo onse atatu omwe adakumana.

Pa sewero limodzi lokha, makamaka ngati mukuganiza zobetcha, ndikukupemphani musadzidalire. Masiku ano matimu amaponya kwambiri za mapointi atatu, ndipo dzanja likazizira palibe chiwerengero chomwe chingakuchenjezeni. Houston idaphonya 27 zotsatizana pa sewero lachisanu ndi chiwiri ndi Warriors mu 2018, ili pakhomo. Loserani za mndandanda wonse wa masewero awo, ndipo musatekeseke ndi zotsatira za loyamba. Koma timu ikatsogola 3-0, pamenepo mukhoza kulankhula molimba mtima: Boston, ili kumbuyo 3-0, idayesetsa mu 2023 mpaka kufananitsa 3-3 ndi Miami, komabe lachisanu ndi chiwiri idagonja pabwalo lake lomwe.