Mayi wa tamekiyo musamulapitse

Achemwali ena andilembera imelo. Akulemba nkhani ya mayi amene anathira tameki m'ndiwo za mwamuna wake, ndipo wosimba nkhaniyo ndi mayi yemweyo, wopanda ndi chisoni chomwe. Anzawo akuti nkhani yotere ikuphunzitsa anthu zoipa. Ndiye akufunsa ngati amulapitse kumapeto.

Achemwali, funso lanuli landikhudza pachilonda. Ndili kusekondale ndinalemba chimangirizo cha mnyamata woba ndalama za chipepeso pamaliro. Ndiye ankagwira kope lolembamo mayina, akulira mokweza kuposa anamfedwa, kwinaku ndalama zikulowa m'sokosi. Sanagwidwe. Aphunzitsi anabweza pepala langa atalembapo ndi bolopeni yofiira kuti nkhani yopanda phunziro si nkhani. Kenaka anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo panapita nthawi yaitali ndisanalembenso nkhani.

Chimandipweteka mpaka lero n'choti tonsefe tinakulira nthano za Kalulu, wabodza wodyera anzake masuku pamutu, ndipo tinkamuchemerera.

Mu 1955 wolemba mabuku Patricia Highsmith anatulutsa buku lotchedwa The Talented Mr. Ripley. Tom Ripley amapha mnzake Dickie Greenleaf ndi nkhafi m'bwato kufupi ndi San Remo ku Italy, n'kutenga dzina lake, zovala zake, ngakhale siginecha yake. Apolisi akamayandikira, iwe wowerenga mtima umagunda kuti asamugwire. Ukazindikira zimenezo umadziopa wekha, ndipo mantha amenewo palibe ulaliki ungakupatse. Highsmith sanamulange Ripley m'mabuku onse asanu onena za iye, mpaka lomaliza la 1991. Agatha Christie naye mu 1926 anachita zimene ambiri ankaziona ngati zoletsedwa: m'buku lake lotchedwa The Murder of Roger Ackroyd, dokotala wosimba nkhani, yemwe wamukhulupirira kuyambira tsamba loyamba, ndiye wakupha.

Ndinene mosapsatira: nkhani zathu zambiri zimafa chifukwa wolemba amaopa kuti anthu amuyesa woipa. Wakuba amathera kundende, hule amadwala, mfiti imavomera pabwalo. Umadziwa mathero usanafike pakati. Kumeneko n'kunyoza wowerenga, ngati kuti sadziwa yekha kuti kupha n'koipa.

Wina asanene kuti izi n'zachizungu. Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria analemba My Sister, the Serial Killer mu 2018. Korede, namwino wa ku Lagos, amakolopa magazi mng'ono wake Ayoola akapha zibwenzi. Aliyense amene anabisapo mlandu wa m'bale wake amamumvetsa Korede, ngakhale asamukonde.

Tsono muchite chiyani?

Musamulapitse, pokhapokha ngati mayiyo payekha angalape. Tionetseni chimene akufuna, mmene amaganizira akutsuka poto uja, ndi chimene akuopa kutaya. Mwamunayo asakhale chilombo chongoyenera kufa, tionenso ubwino wake. Ikatha, muipereke kwa munthu wokonda nkhani zaupandu, osati anzanu aja.